Timandasi Tosapsa ta a Scholastica

A Scholastica ndi akulu anga, bere limodzi, ndipo tonse timakhala ku Braunstone mu Leicester. Ndikati ndi munthu wamakani, ndikunena zomwe ndaziona kuyambira ndili mwana. Kwathu anakazinga mandasi pamsika wa Ndirande zaka khumi ndi ziwiri. Kuno anabwera kudzasamalira okalamba, ndipo ntchito yodzutsa anthu pabedi inawapweteka msana mpaka ankayenda ngati akufunafuna singano pansi.

Tsiku lina anamva kuti mayi wina dzina lake Tasneem akufuna womuthandiza pachiwaya chake kumsika. Tasneem ndi wobadwira konkuno, koma anakhalako ku Japan n'kubwerako ndi luso lophika takoyaki. Ndi timipira ta ufa ndi mazira, mkati muli kachidutswa ka okutopasi, chinyama cha m'nyanja cha miyendo eyiti chija. Amathira m'chiwaya cha timaenje n'kumatembenuza ndi kamtengo kosongoka.

"Amenewa ndi mandasi basi," a Scholastica anatero. "Angosiyana pasipoti."

Anagwirizana kuti ayesedwe Loweruka kanayi. Akakhoza, ntchito ndi yawo, mashifiti onyamula anthu aja asiya. Kutembenuza anakudziwa tsiku loyamba lomwe, manja ngati makina, ndipo Tasneem ndiye ankanena nthawi yophula. Koma kulawa, ayi ndithu. Ankati iwo sadya chinthu cha miyendo yoposa ya ng'ombe. Nditawakumbutsa kuti ngumbi ili ndi miyendo sikisi koma amamaliza mbale okha, anandiuza kuti nditseke pakamwa.

Loweruka lachinayi ndinapita kukawaonerera. Tasneem anachoka kukatenga gasi, n'kuwasiya okha. Kampira kamodzi kanang'ambika m'chiwaya, mkati munatuluka zofewa ngati phala. A Scholastica anagwira pakamwa.

"Mayi uyu wakhala akudyetsa anthu zosapsa," anandinong'oneza.

Muwamvetse. Ku Ndirande, mandasi akapezeka ndi ufa wauwisi mkati, mbiri yako imafika ku Chirimba usanatsuke chiwaya. Ndiye anachepetsa moto n'kuzisiya zipse bwinobwino mpaka zinauma gwa. Ine ndinavomereza, ndisaname. Ndinawayamikiranso.

Woyamba kugula anali mtsikana wa ku Japan amene amaphunzira kuyunivesite, ndipo Loweruka lililonse ankakwera basi kuchokera ku Oadby chifukwa cha takoyaki yemweyu. Analuma kamodzi, kutafuna nthawi yaitali, kuwerama mwaulemu, kenako anakakhala pabenchi atangogwira kambale kake. Anandimvetsa chisoni.

Tasneem atafika anayang'ana m'chiwaya, anayang'ananso mtsikana uja. Sanakalipe.

"Anti, mwachita chiyani?"

"Ndakukonzerani," a Scholastica anayankha monyadira. "Akanakutsekerani a khonsolo."

Tasneem anafotokoza kuti takoyaki amapsa kunja, mkati amayenera kukhala wofewa choncho, ndipo anthu amaimira pamzere kufewako. Kenako anaphika kamodzi yekha, n'kukabaya ndi kamtengo.

"Manja anu ndimawafuna," anatero. "Koma munthu wokana kulawa chimene akuphika sindingamusiyire chiwaya. Idyani, apo ayi tisiyane bwino lero."

A Scholastica anakayang'ana kampirako ngati mankhwala owawa. Kansonga ka mwendo kanali katasuzumira pambali. Anatembenukira kwa ine, mwina ankaganiza kuti ndiwaikira kumbuyo.

"Achemwali, msana," ndinatero.

Anachita chizindikiro cha mtanda n'kuponya konse m'kamwa, kali kotentha. Misozi inalengeza, anapemerera pakamwa ndi dzanja, ine nthiti zili kuwawa ndi kuseka. Anatafuna n'kumeza.

"Kamodzi sikokwanira kuweruzira mlandu," anatero, akutambasula dzanja.

Atadya kachitatu anathira ufa wina, ndipo anaphula msanga, nkhope atakwinya ngati akuchita tchimo. Anapita nazo okha pabenchi paja. Mtsikana uja anadya atatsinzina, n'kunena kuti zamukumbutsa pasiteshoni ya sitima yakwawo, pomwe ankagula ndi mayi ake akamachokera kusukulu. Zimenezi tinazimvetsa. Ifenso timapita mpaka ku Hyson Green, ku Nottingham, kungofuna kapaketi ka usipa.

Pano amagwira masiku anayi pa sabata, ndipo akuyenda chowongoka. Kutchalitchi amawaitana kuti Mayi Okutopasi, iwo amavomera mosangalala. Makani okha ndiye sanathe: kunyumba amanenabe kuti anthu a ku Japan anathawa mandasi asanapse.

Sabata yatha ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji nthawi yophula, poti Tasneem anasiya kuwauza.

"N'zosavuta," anatero, maso ali pachiwaya. "Mtima ukangondiuza kuti dikira, sizinapse, m'pamene ndimaphula."