Timizere ta Mayi a Pakona

Pasukulu ya ana aang'ono ija ankawatcha Mayi a Pakona, chifukwa malo awo anali pakona ya kalasi, pakampando kakafupi kuseri kwa kabati. Poyamba anali wosesa. Koma mkulu wina wofufuza za khalidwe la ana atabwera, anaona kuti mayiwa ali ndi diso: ankadziwa mwana amene wakwiya iye asanatulutse n'liwu lomwe. Basi anawapatsa wotchi, pensulo ndi pepala.

Ntchitoyo inali yophweka pakamwa. Mwana akadzuka pampando osauzidwa, iwo ankalemba kamzere pa dzina lake. Kudzudzula ayi, kumwetulira ayi. Kwa munthu amene analera ana asanu, kuona mwana akutafuna choko n'kungokhala duu inali ntchito yotulutsa thukuta.

Mkuluyo ankafuna kudziwa ngati kuyamikira mwana akakhala bwino kumathandiza kuposa kumukalipira akalakwa. Ana makumi anayi anafunika kugawidwa m'magulu awiri. Aphunzitsi ankafuna ana ofatsa alowe gulu loyamikiridwa kuti zotsatira zikongole.

"Tikatero tidzinamiza tokha, aphunzitsi," anatero mkuluyo. "Tichite maere."

Mayina anawaponya m'ndowa youma, Mayi a Pakona n'kumatola limodzilimodzi atayang'ana kudenga.

Kunyumba amuna awo, telala wanthabwala, sankawapatsa mpata.

"Lero ndatsokomola kangati, mayi?"

"Kasanu ndi kawiri, bambo. Koma kawiriko kanali kabodza, mumangofuna madzi akumwa."

Patatha milungu isanu ndi itatu, mkulu uja anaitanira Mayi a Pakona pakompyuta, nkhope ili ngwee. Gulu loyamikiridwa linali litatsika: avareji inachoka pa timizere khumi ndi tiwiri patsiku n'kufika pa tisanu. Gulu linalo silinasunthe. Anati masamu ake aonetsa kuti kusiyana kotereku n'kovuta kungochitika mwangozi.

"Avarejiyo mumaipeza bwanji, bwana?" anafunsa mayiwa.

"Timaphatikiza timizere ta ana onse, kenako n'kugawa mofanana."

"Ndiye kuti timizere ta Kanjiwa mwagawira anzake?"

Kanjiwa anali kamtsikana kamanyazi ka m'gulu loyamikiridwa. Aphunzitsi akamuyamikira pamaso pa anzake, ankadzuka n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Mayi a Pakona anatulutsa mapepala awo. Pamene anzake ankatsika, iye anakwera kuchoka pa tinayi kufika pa khumi ndi kamodzi.

Mkuluyo anavula magalasi, n'kuwerenga kawiri.

"Gulu lanena zoona," anatero, "koma mwana uyu wanenanso zake. Ine ndinalibe makutu."

Mu lipoti lake anasiya avareji ija mmene inalili, koma anawonjezera tsamba la mwana aliyense payekha. Aphunzitsi anayamba kumuyamikira Kanjiwa monong'ona, akudutsa pafupi ngati akutola pensulo. Mayi a Pakona anawerenganso kwa milungu itatu, ndipo timizere take tinatsika kufika pa tiwiri.

Lero imvi zamera, mawondo akudandaula, koma Mayi a Pakona ntchito akugwirabe. Olemba timizere atsopano amayambira kwa iwo. Mayiwa ndi wophunzirayo amakhala m'kalasi imodzi, wina uku wina uko, osaonetsana pepala. Belu likalira amafananitsa. Zikasiyana amakambirana mpaka atapeza pamene diso linaphonya. Zikafanana, mayiwa amaseka mano onse poyera.

"Eya, mwanawe, maso athu akumana. Tiye tikawothere dzuwa."