Tepi ya Luckson pa Chinkhoswe

Mlongo wanga Luckson ndi telala pa Chinakanaka, pakhonde la golosale ina yoyang'ana msewu wa ku Boma. Kusoka amatha, pamenepo sindingamunamizire. Chinamuwononga ndi foni.

Tsiku lina anaonera kavidiyo konena kuti kukongola kuli ndi nambala yake, 1.618. Akuti ukayeza munthu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kugawa ndi muyezo wochokera pamchombo kufika pansi, wokongola weniweni amatulutsa nambala imeneyo. Basi, munthu amene masamu anamuthamangitsa kusukulu ali Fomu 2 anasanduka pulofesa tsiku lomwelo.

Tinaona zakuda. Ukamugulira chinanazi, m'malo mosenda ankayamba kuwerenga mizere ya maso ake, uku 8, uku 13, eti nambala iliyonse imabadwa pophatikiza ziwiri zam'mbuyo, ndipo Mulungu analenga zinthu motsatira zimenezo. Ife apo tikungomeza malovu. Mayi wina wa Mvano atabweretsa nsalu ya diresi, Luckson anaika lamba pomwe nambala yafuna, osati pomwe pali chiuno. Mayiyo sanabwerenso.

Komabe chitsiru chimenechi chinapeza mkazi wabwino: Lettie wa ku Milonde, wothyola tiyi ku esiteti. Luckson atagona ndi malungo, Lettie ndiye ankabwera ndi phala mpaka anachira. Tepi yoyezera yokha ndiyo ankaikana. "Ine si nsalu," ankatero. Luckson sankadandaula. Anandiuza kuti, "Achemwali, mmene ndimamukonderamu, nambala singalephere kukwana."

Tsiku la chinkhoswe litafika, tinapita ku Milonde ndi tambala wathu. Mwa mwambo, akuchikazi anatulutsa akazi atatu atafunda zitenje kuyambira kumutu mpaka m'akakolo, kuti mwamuna aloze wake. Amakhala masewera chabe, chifukwa mapazi amaoneka. Lettie ali ndi chipsera chachikulu paphazi lamanzere, pomwe linamutema khasu ali mwana. Ine ndinachiona ndili kumbuyo kwenikweni.

Luckson anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa tepi.

"Iwe, tayang'ana pansi," ananong'oneza amalume athu a Simon, omwe anali ankhoswe.

"Amalume, maso amanama. Nambala sinama."

Anauza akazi aja kuti aliyense aike chala pamchombo pake. Anthu anaseka, kuyesa nthabwala. Iye nkhope ili gwa, kuyeza uyu, kudina pafoni, kuyeza winayo, kudinanso. Kenaka anagwira phewa la wapakati.

"Wanga ndi uyu. Pano palibe wokongola kuposa ameneyu."

Ankhoswe akuchikazi, pomumvera chisoni, anamufunsa kawiri konse. "Mwatsimikiza, bambo?" Iye anatsimikiza, mpaka kuwaonetsa foni.

Atavundukula chitenje, munatuluka a Emelda, mayi ake aang'ono a Lettie, a ana asanu, akuseka mpaka misozi. Ine manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Lettie anali kumapeto. Anadzivundukula yekha, napinda chitenje chake bwinobwino. Sanalire.

"A Luckson," anatero, "phazi ili ndi lomwe linkabwera kwanu ndi phala muli gone. Simunaliyang'anepo?"

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Amalume anapepesa mpaka mawu anasasa, koma tinabwerera ndi tambala wathu.

Mpaka lero Luckson amati cholakwa chinali chitenje, eti chinali chokhuthala ndiye chinasokoneza muyezo. Ndikamva zimenezo ndimafuna kumukhoma ndi simbi yake yomwe.

Lettie anakwatiwa ndi dalaivala wa minibasi. Nthawi zina amatsika pa Chinakanaka kudzagula zinanazi, mwana ali kumbuyo, n'kudutsa pakhonde paja. Luckson amaweramira makina ake ngati ulusi waduka. Masiku ano ndiye amayang'ana pansi, ndipo chipsera chija amachiona bwinobwino.