Matewera pa Mwala wa ku Zobwe

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi, nthawi ya 6 koloko m'mawa, pamene ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu, ku Moatize, mwana ali kumsana. Ndinkapita ku Zobwe kukamuonetsa kwa apongozi anga, omwe ndinali nditawaona kamodzi kokha, tsiku la ukwati. Amuna anga anatsala, anali pantchito ku mgodi wa malasha. Njira yonse ndinkangodzifunsa ngati akandikonde.

Nditatsika, mphepo yozizira inandilowa m'nsalu. Phiri linali pafupi zedi, mtambo utakhala pamwamba pake. M'mbali mwa msewu munali milu ya mbatatesi ndi tomato, zonyowa ndi mame.

Apongozi anandilandira bwino, mwana anamuvinitsa pabwalo. Nditapuma ndinachapa matewera, ndinamanga chingwe m'chipinda, n'kuyanika, n'kutseka zenera monga ndimachitira kwathu. Kuyambira pamenepo nkhope ya apongozi inasintha. Ankandiyankha mwachidule. Ine ndi manyazi anga sindinafunse.

Masana anandiitana. “Make mwana, tiyeni mukaone mathithi. Anthu amachoka kutali kudzangoyenda m'phirimu.”

Tinakwera kanjira kodutsa m'nthochi, iwo patsogolo opanda nsapato, ine m'mbuyo wefuwefu. Nditamva phokoso ndinkati ndi sitima ya malasha. Anali madzi, oyera, akutsika pathanthwe ngati ufa ukukhuthuka m'lichero. Panalibe mzere wa zigubu, panalibe woyang'anira mpopi ngati kwathu. Tinyontho tinagwera mwana kumaso, iye n'kuyamba kuseka.

Kumunsi amayi ena anali atayanika zovala zoyera pamiyala, eni ake akungocheza poteropo. Mawu anandipulumuka, n'kufunsa apongozi.

“Amayi, zovalazo sizida?”

“Zide ndi chiyani?” Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Inu matewera mwawatsekera m'nyumba. Ndimati kapena mukuopa kuti kuno tikulodzerani mwana.”

Ndinagwira pakamwa. Kenako ndinawauza, maso ali pansi, kuti kwathu akaphulitsa miyala ku mgodi, fumbi limagwera paliponse. Thewera ukaliyanika panja, pokalianula lakhala ngati lopukutira mphika. Ngakhale ufa timauyanika titaufunditsa nsalu.

Apongozi anathyola tsamba, n'kundipatsa. “Tapukutani ndi chala.”

Ndinapukuta. Chala chinabwera choyera.

“Ndiye mdzukulu wanga amapuma zimenezo?” Sanaseke. Anandimasula mwana kumsana, n'kumubereka okha. “Mwana wanga uja sanandiuzepo. Akabwera ndidzamukoka makutu. Ndipo inu muzilankhula, pakamwapo si pongodyera.”

Potsika ankandigwira dzanja pamiyala yoterera, akunditchulira mitengo ndi minda ya anthu.

M'mawa mwake ndinamasula chingwe chija m'chipinda, ndinatsegula zenera. Matewera ndinakawachapa kumtsinje, n'kuwayala pamwala pafupi ndi nsalu ya apongozi. Maso ankafuna kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera fumbi, koma ndinawasiya pomwepo, ndinapita kukathandiza kukumba mbatatesi.