Nsalu Zoyera Pansi pa Mphasa ya Agogo

Agogo aNangozo, amayi awo a amayi anga, ankanunkhira fodya wopera ndi utsi wa makungwa, chifukwa ankakhalira kuotcha miphika kuseri kwa nkhokwe kwathu ku Mkaika, akumagogoda uliwonse ndi chala kuti amve ngati wapsa. Fungo limenelo ndimalifuna, koma limene limandifikira ndi la kuchipatala cha mishoni.

Phale linawacheka pamsongolo, chilonda n'kukula. Anawanyamula pamachira kupita kuchipatala kumene atate anga ankagwira ntchito yotsuka zilonda. Chinali chaka chimene amuna ankatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo anzawo a atate anapita nawo. Panatsala atate ndi dona mmodzi, namwino wachizungu, odwala atadzaza mpaka pakhonde. Amayi anali m'chikuta, choncho wokawaphikira phala agogo ndinali ine.

Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Nanga kuwagwira mwendo? Atate akangolowa, agogo ankafunda kumutu n'kutembenukira kukhoma. Atate ankasiya nsalu yoyera ndi mankhwala kumiyendo kwa mphasa, n'kupita kwa wodwala wina.

Ndinawamva atate akupempha dona, chipewa chili m'manja.

"Dona, awo ndi apongozi anga. Chonde muziwatsuka ndinu, ine nditenge odwala anu ena."

"Zachikunja zimenezo," anatero dona, osaima n'komwe. "Mkhristu saopa mwendo wa nkhalamba."

M'mawa uliwonse dona ankadutsa, kuona kuti pamwendo pali nsalu, n'kupitirira, osadziwa kuti ndi yakale imene agogo anabwera nayo kuchokera kumudzi. Ndinayesa kuimasula ndekha, koma inali itamatirira, ndipo agogo anabuula mpaka ndinaisiya.

"Agogo, mungowalola atate," ndinanong'ona.

"Iwe, ndiwaonetse msongolo atate ako? Ndiye kumudzi tizikakhala bwanji? Dona uja ndi mkazi mnzanga, abwera."

Sanabwere. Zinabwera ntchentche. Tsiku limene fungo linamuimitsa dona n'kumasula nsalu ija, mwendo unali utada mpaka m'bondo. Agogo sanaione mvula ya chaka chimenecho.

Pamaliro dona anauza anthu kuti agogo anafika mochedwa. Limenelo ndi bodza. Anafika akuseka ndi onyamula machira, chilonda chisanapose chikhatho changa. Popinda mphasa yawo tinapeza nsalu zonse zimene atate ankasiya, zoyera, zopindidwa bwinobwino, zikudikira munthu woti azimange. Atate anaziyang'ana, natuluka, ndipo kuchipatala sanabwererekonso.

Nsalu imodzi ndinaisunga, ili m'kabokosi kanga kuno kusukulu ya atsikana. Dona yemwe uja ndiye amatiphunzitsa kumanga zilonda, ndipo amakonda kuuza anzanga kuti manja anga ndi ofewa. Ine ndine wamanyazi, aliyense amadziwa, kotero ndikangoyang'ana pansi amaganiza kuti ndi ulemu. Sindinamuyankhepo zikomo.