Bodza limene ndinanena ali pamtsetse

Apongozi anga aakazi anamwalira Lachiwiri m'mawa m'nyumba mwathu ku Mtendere, mumzinda waukulu, ine ndikuwatenthetsera madzi osamba. Mwana wawo, yemwe ndi mwamuna wanga, anali pamsewu. Amayendetsa thiraki, ndipo tsikulo ankachokera ku Chipata atanyamula chimanga.

Kwathu munthu amene wagwira chiwongolero sauzidwa za maliro. Pamene apongozi aamuna anamwalira zaka zapitazo, mathiraki a kampani imene mwamuna wanga amagwirako ntchito anali ndi mawailesi olankhulirana aja timati ova-ova. Sankafika patali, koma madalaivala ankapatsirana mawu, uyu kuuza wapatsogolo pake. Popeza pawailesi aliyense amamva, sankatchula maliro. Ankangoti uje aime pamlatho wa Luangwa, tayala lake lavuta. Mwamuna wanga anali watsopano pantchito, anaimadi. Dalaivala wina wachikulire anamulanda makiyi, n'kumukhazika pansi pa mtengo, kenako n'kumuuza. Thiraki anabweretsa ndi munthu wina.

Ndiye ulendo uno ndinachenjeza abale onse kuti pasapezeke wolemba kanthu pafoni. Ndinasiya azimayi a kutchalitchi panyumba n'kukwera minibasi kupita kudepoti ya kampani.

"Pepani bamayo," anatero kalaliki wa pamenepo, "ma ova-ova tinachosa kudala. Masiku yano ni foni chabe. Batumileni foni."

Anandionetsa katoni pansi pa tebulo. Mawailesi anali momwemo, fumbi lokhalokha, mawaya atapiringizana. Ndinalakalaka kumuponyera katoniyo kumaso, ngakhale sanali iye wolakwa. Anayesa kuimbira madalaivala awiri amene anali njira yomweyo, koma onse anali m'mapiri momwe mulibe netiweki.

Ndili chiimire ndinatsegula foni yanga. Mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga, anali ataika kale chithunzi cha mayi awo pagulu la banja, ndi kakandulo pambali. Ndinamuimbira mwaukali.

"Nanga si ni amai banga? Nisalile?" anandiyankha.

Anachifufuta, koma anthu anali atayamba kale kutumiza mapepani, ndipo mwamuna wanga ali m'gulu lomwelo. Malo amene netiweki imabwerera ndimawadziwa, chifukwa amakonda kundiimbira akafikapo. Ndi pamtsetse wautali wokhotakhota, phompho lili pambali. Foni yake imakhala patsogolo penipeni, pafupi ndi galasi. Ndinakhala pabenchi panja pa ofesi ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Dzuwa lili pamutu foni inalira. Ndinamva kubangula kwa injini asanalankhule.

"Ni vichani ivi bantu balemba? Amai bali bwanji?"

"Imililani pambali poyamba," ndinatero.

"Kulibe poimilila, nili pamtsetse, nalema na katundu. Kamba!"

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinati amayi anakomoka m'mawa, mlamu anathamangira kulengeza, koma atsitsimuka ndipo ali kukiliniki. Ndinati amwako ndi phala lomwe. Anafunsa ngati ndikunena zoona, ndipo ndinalumbira pa ana athu. Kalaliki uja anali pakhomo akumva zonse, anangoyang'ana pansi.

"Bapaseni foni nibamve," anatero mwamuna wanga.

"Bagona. Zimyani foni, muyendese bwino."

Anazimitsadi. Anafika ku Mtendere dzuwa likupendeka, atagulira mayi ake nsomba zouma pamlatho. Atakhota pakona ya msika anaona tenti, mipando ili panja, azibambo atakhala chete. Anaima pageti ndi kajumbo kake m'manja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sanandikalipire, ngakhale maliro atatha.

Anthu amandiuza kuti ndinachita bwino, ndipo ndikaganiza za phompho lija ndimavomereza. Koma zimandiwawa kuti ntchito imene inkagwiridwa ndi akuluakulu apamsewu inagwera ine, mkazi wake, ndipo ndinaigwira polumbira pa ana. Nthawi zina ndimakwiyira mlamu, nthawi zina amene anaganiza kuti foni imakwanira kulikonse.

Mwamuna wanga akuyendabe msewu womwewo. Akaimba amafunsa za ana, ine n'kumuuza kuti tonse tili bwino. Amati chabwino, n'kudula. Sipapita nthawi ndimamva foni ya mayi a nyumba yoyandikana nafe ikulira kuseri kwa khoma, iwo n'kumamuyankha motsitsa mawu kuti inde, onse ali moyo, awaona.