Nyimbo Imene Ndinapekera Atcheyamani

Ine pakamwa panga sipakhala chete, mawu alionse amatuluka ndi nyimbo. Pakamwa pomwepa m'pamene panandichotsetsa ntchito ku Area 3, masiku aja a chipani chimodzi.

Ndinkachapa ndi kusita kwa aphunzitsi ena a sekondale. Ine ndikusita pakhonde, iwo ankawerenga mokweza zokaphunzitsa mawa lake. Tsiku lina ndinamva za munthu wa kalekale ku Mekisiko, wa mtundu wa Aaziteki. Ameneyo anamupatsa ufumu, iye n'kukana. Ankangokhala pambali pa mpando, kunong'oneza. Mfumu ifa, ilowa ina, iye ali pomwepo. Nkhondo, malamulo, akachisi, zonse zochokera m'kamwa mwake. Ndinapsereza kolala ya malaya ndi kumvetsera. Munthu wokana mpando! Ndinamukonda.

Tsono kwathu ku Mchesi kunali atcheyamani a nthambi ya chipani, bambo ofatsa, amene anandipezera malo omangapo kanyumba amuna anga atamwalira. Nkhuku yowathokozera ndinalibe, ndinali ndi mawu okha. Loweruka lina amayi tikuyeserera magule a pamsonkhano, ine pokhala woyambitsa nyimbo, ndinaiponya: atcheyamani athu ngati wa ku Mekisiko, mpando saufuna, koma mafumu amva iwo, eee amva iwo!

Ng'oma inaleka. Wovomera panalibe. Ndinayesa kuti sanaigwire, ndiye ndinabwereza, mokweza, ndikuvina cholunjika pamene anakhala atcheyamaniwo.

Nkhope yawo inachita kutuwa ngati phulusa. Ine osadziwa kuti ndikuwakumbira dzenje. Masiku amenewo nyimbo yotamanda inali ya munthu mmodzi yekha, ndipo wina akaimbidwa kuti akuluakulu amamvera iye, kunkabwera galimoto kudzamutenga.

Anaimirira. "Mayi, ndinakulakwirani chiyani ine? Ndili ndi ana ang'onoang'ono."

Kenaka anandifunsa, onse akumva, kuti zimenezi wandiphunzitsa ndani. Apa m'pamene mutu wanga unatseguka. Ndinati ndinachita kulota. Anandilanda nsalu ya chipani n'kundipirikitsa pabwalopo, akufuula mpaka mawu kusasa, kuti aliyense aone kuti iwo sakugwirizana nazo.

Lolemba ndinawaululira aphunzitsi. Anakhala pansi pa simenti, manja kumutu. Anati ndinangomva theka la nkhani. Munthu wanga wokana mpandoyo ndi amene anachulukitsa zong'amba anthu amoyo pachifuwa, kuchotsa mitima, ati kuti dzuwa lisazime. Mayo ine, bambo ofatsa aja ndinawafanizira ndi ameneyo! Atatero anandipempha, mwaulemu ndithu, kuti ndisadzapondenso pageti pawo, ngakhale kuwapatsa moni mumsika wa m'tauni ayi.

Atcheyamani sanadikire galimoto. Sabata isanathe anatula udindo, ati akudwala, n'kusamukira kumudzi kwawo ku Mitundu ndi ana onse. Chimanga cha kuseri kwa nyumba anachisiya chosakolola. Ndinkadutsapo popita kotunga madzi, nditadzigwira pakamwa ndi dzanja. Sindinawaonenso.