Mdala Amene Anajambula Phazi Langa

Chipinda cha ku Skerries, katauni ka m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Dublin, ndinachipeza nditatsala pang'ono kutaya mtima. Ndinali nditatha masabata asanu ndikugona pa sofa ya mnzanga wa ku Zambia ku Lucan, masana n'kumayenda ndi makalata a sikolashipu kukaonetsa eni nyumba omwe ankandiyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti chipinda chatengedwa kale. Aliyense amene anakhalako ku Dublin akudziwa kuti digiri imapezeka msanga kusiyana ndi pogona. Ndiye pamene mdala wina wa imvi, wopuma ntchito ya kunjanji, anandipatsa kiyi tsiku lomwelo osandifunsa zambiri, sindinasangalale ngati mmene munthu amayenera. Ndinayamba kudzifunsa kuti akufuna chiyani kwa ine. Ndi chibadwa changa chimenecho: munthu akandikomera mtima ndimayamba ndasuzumira kaye kumbuyo kwake.

Mdalayo ankakhala yekha. Mkazi wake anamwalira, ana anali kunja. Nyumba inali pafupi ndi siteshoni, moti m'mawa ndinkakwera sitima kupita ku yunivesite komwe ndinkalemba kafukufuku wanga wa madzi a pansi pa nthaka. Kunatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti ndimalize. Kutaya chipinda chimenecho kukanakhala kutaya tulo, tebulo lolembera, mwinanso digiri imene.

Munthuyu anali ndi matenda amodzi okha, Aroma. Osati a tchalitchi, koma akalekale aja a malupanga ndi zishango. Ukangokhala pansi kuti umwe tiyi, wayamba. Anandiuza kuti dzina loti Hibernia, lomwe ndinkaliona pa zikwangwani za nyumba ndi misewu mumzinda, ndi lomwe Aroma ankatchulira chilumba cha Ireland. Anandiuza za msewu wina wotchedwa Eblana, dzina lotoledwa pa mapu a nthawi imeneyo. Anandilozera kummwera, kumtunda wina woloŵa m'nyanja, komwe amati kunafukulidwa tizinthu ta Aroma. Koma pomaliza ankavomera kuti Aroma sanalamulirepo Ireland, ndipo ankanena zimenezi mwachisoni, ngati munthu amene sanaitanidwe ku ukwati wa pafupi.

Ine zinkandikwana. Tsiku lina ndinamuuza kuti kwathu tinachita kukolopa maina a atsamunda. Fort Johnston tinati ndi Mangochi, Port Herald tinati ndi Nsanje, Nyasaland tinaikwirira. “Inu mukutola maina a atsamunda omwe sanakupondeni n'komwe,” ndinatero. Iye anaseka mpaka kutsokomola, n'kundithirira tiyi wina. Kuseka kwakeko sikunandichotse chikaiko. Munthu wolirira ufumu woti unafa kalekale, ine ndimamuona ngati akufuna wina woti amulamulire kapena woti iye amulamule.

Loŵeruka lililonse masana kunkabwera anzake. Anali azibambo ngati asanu ndi atatu, ena a mimba zawo, ena a dazi. Ankaloŵa mu shedi ya kuseri kwa nyumba atavala majekete, n'kutulukamo atavala zipewa zachitsulo ndi timasiketi tofiira, miyendo yoyera mbee ili pamphepo. Ankaguba pakapinga, mdala akukuwa malamulo m'Chilatini, wina atanyamula ndodo yaitali yokhala ndi chiwombankhanga chamkuwa pamwamba. Ine ndinkaonerera kuseri kwa katani. Poyamba ndinkaseka ndekha. Koma masiku amenewo m'mafoni mwathu munkayenda mavidiyo a ku Coolock, dera lina la mu Dublin, anthu akukuwa kuti dziko ladzaza, alendo abwerere kwawo, utsi uli tolo. Ukaonera zimenezo m'mawa, masana n'kuona azungu akuguba ndi malupanga pansi pa windo lako, kuseka kumatha. Mmodzi wa iwo, chimunthu chachitali cha ndevu zofiirira, sankandiyankha moni. Ankangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kenako mdala anayamba mafunso. Kodi ndine wamtali bwanji? Kodi ndimatha kuyenda mtunda wautali? Kodi kwathu kumapiri timavala chiyani kumapazi? Tsiku lina anandifunsa saizi ya nsapato. Ndinayankha kuti zimatengera nsapato yake, n'kukwera kuchipinda. Sindikudziwa chifukwa chomwe ndinakanira kunena nambala wamba, koma mtima unangoti usanene.

Nsapato zanga ndinkazisiya pakhomo, pa kampasa ka mphira, chifukwa mdala sankafuna matope pa kapeti. Ndimaziika mwa njira imodzi chikhalire: mphuno zake kukhoma, zingwe m'kati. Lamulungu lina m'mawa ndikukonzekera kupita ku Misa ndinapeza yakumanzere ili kumanja. Kachikopa kam'kati kopondapo kanali katatulutsidwa n'kubwezedwa mopindika, ndipo m'mphepete mwake monse munali mzere wa pensulo.

Ndiyenera kunena zoona apa. Ndine munthu wa sayansi, ndimayeza madzi ndi makina, ndipo ndikakhala ndi anzanga ndimaseka nawo za ufiti. Koma ndinakulira m'nyumba momwe mayi anga ankasesa pabwalo mlendo wina wake akangotsanzika, osati kuchotsa mapazi a mlendoyo, koma athu, kuti asadzabwerenso kudzatapa dothi pomwe taponda. Amalume anga anatupa mwendo mpaka kusiya ntchito, ndipo banja lonse linkadziwa kuti anatapidwa phazi, ngakhale adokotala ankanena zina. Zinthu zotere sukulu siimazichotsa, imangoziphimba. Tsiku limenelo Misa yonse sindinamve kanthu, ndinkangomva phazi lakumanzere likuyabwa.

Potuluka ndinaimbira mnzanga wa ku Lucan uja. Ndinkayembekeza kuti andiseka, koma sanatero.

“Mudala, shoe siyenda yeka,” anatero. “Manje landlord afuna chani na phazi yako?”

“Mwina ankangosesa.”

“Kusesa na pencil? Iwe. Ise ku Lusaka tili na area ya Roma, but kulibe amene avala ma helmet pa Saturday. Aba bantu ba eagle na marching, unaonako ma documentary? It starts like that. Uone mu shed, but osagwira anything.”

Lachiŵiri m'mawa mdala anapita kukaonana ndi dokotala wa maso. Ine sindinakwere sitima. Ndinadikira mpaka galimoto yake itakhota, n'kupita kuseri. Shedi sinali yokiya. M'kati munkanunkha chikopa ndi mafuta. Malupanga anali ndandanda pakhoma, zishango zitatsamira pakona. Pa shelefu panali kanyale kadothi, kafano kakang'ono ka munthu, ndi masamba ouma m'kambale. Ndiye ndinatembenuka n'kuona khoma linalo: mapazi a anthu, odulidwa pa makatoni, atapachikidwa pamisomali, lililonse lili ndi dzina la Chilatini.

Langa linali pa tebulo. Ndinalizindikira chifukwa cha chala chachikulu chomwe chimapatuka. Phazi lonselo linali ndi timadontho tofiira, mizeremizere kuyambira ku chidendene mpaka ku zala, ndipo pa chidendene penipeni panali patabayidwa chisongole chachitsulo chomwe chinaloŵa mpaka m'thabwa. Pamwamba panalembedwa liwu limodzi lomwe nditalifufuza pafoni linatanthauza munthu wa ku Africa. Anzake onse anali ndi maina, ine ndinali mtundu chabe.

Mantha ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi. Ndinajambula zithunzi za malupanga, kafano, mapazi aja. Ndinazula chisongole, n'kutenga katoni langa. Ndinayenda mpaka kudoko, n'kuling'amba tizidutswa, n'kuponya m'madzi pakati pa maboti, mbalame zikuthamangira poyesa buledi. Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi ili yoseketsa chabe. Koma miyendo inanditengera ku polisi. Za phazi sindinanene, ndinachita nazo manyazi. Ndinangoti m'nyumba yomwe ndikukhala muli gulu lomwe limasunga zida n'kumaguba, ndipo ine monga mlendo wakuda ndikuopa.

Apolisi anabwera madzulo a tsiku lomwelo, dzuŵa likadali. Galimoto yawo inaima pakhomo penipeni, ndipo makatani a nyumba zonse za mu msewu umenewo anagwedezeka. Wapolisi wamkazi anamupatsa moni mdala pomutchula dzina, zikuoneka kuti ankamudziwa kuyambira ali mwana. Analoŵa mu shedi, anayendetsa chala pa lupanga limodzi, lobuntha ngati supuni. Anandilankhula mwaulemu kuti ndinachita bwino kunena nkhawa yanga, koma gululi limadziwika, limakaonetsa zakale m'masukulu ndi pa zisangalalo za m'chilimwe. Atapita, mdala anaima pageti nthawi yaitali, mayi wa nyumba yoyandikana akumufunsa chomwe chachitika, iye akungopukusa mutu.

Kenako mdala anandiitana kukhitchini. Tiyi sanatereke. Pa tebulo anaika nsapato imodzi yosamaliza, ya zingwe zachikopa zambirimbiri, ngati nkhwaira koma yokwera mpaka mu akakolo. Anaitembenuza. Theka la pansi pake linali litakhomedwa timisomali ta mitu yozungulira, mizeremizere, monga momwe timadontho tofiira tija tinayendera.

“Asilikali a Roma ankavala zotere,” anatero. “Ndimasokera aliyense wa m'gulu, ndipo chisongole chija ndimaboolera mokhomera timisomali. M'gulu lankhondo lawo munali anthu a ku Africa ambiri, ndipo ife sitinakhalepo naye ngakhale mmodzi. Ndimafuna ndikupatse zitatha, ndikupemphe kuti udzagube nafe m'chilimwe. Dzina ukanasankha wekha, liwu lija ndinangolemba kuti ndisasokoneze makatoni. Ndinakufunsa saizi, unandizemba, ndiye ndinatenga ndekha. Pamenepo ndinalakwa, sindikana.”

Ndinakhala ngati andithira madzi ozizira. Anandifunsa komwe katoni linapita, ndipo ndinamuuza zonse: doko, mayi anga ndi tsache, mwendo wa amalume. Ndinkaganiza kuti aseka ngati mmene anasekera za Mangochi, ndipo ndinkalakalaka ataseka. Sanaseke. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa nsapato ija.

“Ndiye unkaganiza kuti ndikufuna kukupundula,” anatero.

“Sindinkadziwa choganiza, bambo.”

“Nanga apolisi? Amenewo sunawauze za mayi ako.”

Ndinatchula Coolock. Ndinatchula chimunthu cha ndevu chija chosayankha moni. Apa anatsitsa maso.

“Ameneyo sindimuikira kumbuyo,” anatero. “Anakana kuti uloŵe m'gulu. Ananena mawu omwe sindingawabwereze m'nyumba muno. Tinakangana sabata yatha, ndinamuuza kuti ngati sakufuna kuguba nawe asabwerenso pakapinga panga. Takhala limodzi m'gululi zaka zambiri.”

Mpaka lero mawu amenewa amandivuta. Mphuno yanga siinaname kwenikweni, fungo linalipo ndithu. Koma ndinaloza munthu yemwe anali ataima pakati pa ine ndi fungolo, n'kumubweretsera apolisi pakhomo anthu onse akuona.

Ndinapepesa mwa kwathu. Ndinatsika pampando n'kugwada, manja pamodzi. Mdala anadzidzimuka, anandigwira paphewa kuti ndidzuke, nkhope yake itafiira. Anati nkhani yatha, sakusunga chakukhosi. Ndinayamba kupuma bwino, ndikuganiza kuti chipinda chapulumuka. Anatenga nsapato ija n'kuiika m'kabati, pamwamba pa mbale zomwe sankagwiritsa ntchito, n'kutseka.

“Ukhale mpaka kutha kwa mwezi wamawa,” anatero. “Sindikukuthamangitsa chifukwa chokwiya. Koma ndakalamba. Miyezi iŵiri yonseyi ndimaganiza kuti tikucheza, pomwe iwe umandiopa. Tsopano ndikamatsegula chitseko ndizidzifunsa kuti ukuganiza chiyani. Sindingathe kukhala choncho m'nyumba mwanga.”

Ndinayesa kulankhula, ndinalonjeza, ndinatchula miyezi inayi yomwe inatsala kuti ndipereke kafukufuku. Anamva zonse, anati akudziwa, ndipo apepesa. Sanasinthe.

Masabata otsalawo tinkapatsana moni ngati anthu okumana pa siteshoni. Loŵeruka gulu linkabwerabe, lopereŵera munthu mmodzi, ndipo ine ndinkachokapo dala kupita ku laibulale. Tsiku losamuka anandinyamulira chikwama chimodzi mpaka pa sitima, ngakhale ndinakana. Sitima ikuyandikira anandipatsa envelopu, nati eni nyumba a ku Dublin amafuna kalata yochokera komwe munthu ankakhala, ndiye walemberatu.

Ndinaitsegula titadutsa siteshoni yoyamba. Analemba pamanja, tsamba lonse. Anati ndine waukhondo, wachete, wolimbikira sukulu, waulemu kwa akuluakulu, ndipo aliyense wondipatsa chipinda sadzanong'oneza bondo. Za apolisi sanatchule. Akanandinyoza pang'ono pokha bwenzi ndili ndi pogwira, bwenzi nditauza anzanga kuti mwaona, ndinkanena ine. Ndinaiŵerenga kaŵiri, ndikufufuza liwu limodzi lokhala ndi mbola, mpaka ndinazindikira chomwe ndinkachita. Ndinali ndikumukaikirabe. Ndinaipinda kalatayo, ndipo mayi yemwe anakhala moyang'anizana nane anandipatsa kapepala kopukutira m'maso osandifunsa kanthu.